Masipika a Sonos ochokera ku Joni: ndigule kapena ndisiye?

Bambo a Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali mnyamata wabwera kuchokera ku Joni sabata yatha, akugulitsa masipika atatu a Sonos, awiri ang'onoang'ono olembedwa Play:1 ndi imodzi yaikulu, Play:5. Akuti bwana wake anamupatsa posamuka. Onse pamodzi akufuna K420,000 koma akuoneka kuti akhoza kutsika. Ndinakawamvera kwa mlamu wake pa Boma, kulira kwake n'kwabwino zedi, besi yomveka bwino osati yongogwedeza malata. Soya ndagulitsa, kangachepe kalipo. Chandikayikitsa n'chakuti mwana wanga akuti zinthu zimenezi zikakalamba zimaperewera memore. Sipikanso imakhala ndi memore yanji? Ndalama imeneyi ndiponye?

Wa pa Kamwendo: Musandikumbutse chilonda. Chaka chatha ndinagula kamodzi ka mtundu womwewo kwa munthu wina ku Lilongwe. Ndinamufunsa kawiri konse, kodi kamalumikiza pa Bluetooth? Iye, ee bwana, ngakhale mwana akhoza. Ndafika kunyumba usiku, ndasakasaka pafoni mpaka batire kutha, palibe chotulukira. M'mawa ndimuimbire, nambala sikupezeka. Mpaka lero. K140,000 yanga inapita choncho, kasipikako mayi akunyumba amaikapo maluwa a pulasitiki.

Aphiri a Kabaza: kkkkk choikapo maluwa cha K140,000. Pepani madala.

Wa pa Kamwendo: Sekani, lanu likubwera.

Wokonza Mafoni pa Boma: Madala a pa Kamwendo, n'kutheka kasipika kanuko n'kabwinobwino, vuto ndi amene anakunamizaniyo. Play:1 ilibe Bluetooth chitulukireni mu 2013. Imafuna Wi-Fi yapanyumba, apo ayi waya wa intaneti wobaya kumbuyo. Batirenso ilibe, magetsi akazima nayo yagona. Sonos yoyamba kuimba pa Bluetooth ndi Move ya 2019.

Za memore mwana wanu sakunama, bambo a Tadala. M'kati mwa sipika iliyonse ya Sonos muli kakompyuta, kali ndi purosesa ndi memore yakeyake, zomatirira pa bolodi. Simungazule n'kuikamo yaikulu ngati memore khadi ya mufoni. Pulogalamu yoyendetsa zinthuzi imanenepa chaka ndi chaka, ndiye zakale zimafika poti sizingasenzenso. Mu January 2020 kampaniyo inalengeza yokha kuti Play:5 yoyamba ya 2009 ndi zipangizo zake zina monga Bridge ndi ma Connect akale sizidzalandiranso zatsopano poti memore ndi mphamvu ya purosesa zafika pothera. Eni ake kunjako anakwiya koopsa. June chaka chomwecho kunatuluka app yatsopano, S2, zakalezo n'kutsalira pa app yakale, S1. Ndiye Play:5 akukugulitsaniyo ndi yoyamba kapena yachiwiri ya 2015?

Bambo a Tadala: Ndingadziwe bwanji amwene? Ine ndinangoona kuti ndi yakuda.

Wokonza Mafoni pa Boma: Kayang'aneni pamwamba pake. Yoyamba ili ndi mabatani enieni odina, yachiwiri mumangokhudza ndi chala.

Bigi wa pa Mwami: Ine sindilimbana ndi zotaya azungu. Yanga ndi JBL PartyBox, ndinakaitenga ndekha ku Lusaka, yatsopano m'katoni. Ndikaiyatsa pano anthu a ku Chipata amavina. Mtengo sindinena, ena angakwere BP.

Aphiri a Kabaza: Nenani bigi, mapilitsi tili nawo.

Bigi wa pa Mwami: Mita imodzi ndi theka, osawerengera thiransipoti.

Mphunzitsi wa ku Mkanda: Mwezi watha pa maliro aja munati K900,000. Ikukwera mtengo ili m'nyumba?

Bigi wa pa Mwami: Kwacha ikugwa aphunzitsi, katundu wabwino amakwera yekha. Nsanje basi.

Mayi a Golosale: Abambo inu mumakonda kudzivutitsa. Ine sabuufa yanga ndinagula pamsika K65,000, ili ndi Bluetooth, pobaya fulashi, pobaya memore khadi, wailesi ya FM, ndi rimoti. Fulashi ya 32GB mnyamata wa pa kompyuta anandidzadzira nyimbo zamakwaya, imalira mu shopu kuyambira 6 koloko mpaka kutseka, chaka chachitatu tsopano. Magetsi akazima ndimalumikiza ku batire la sola. Ya app sindiidziwa ine, ndipo sinandipemphepo bandulo.

Wa pa Kamwendo: K65,000 inali kale mayi. Kwacha chigwereni mu November 2023 sabuufa yooneka ndi maso simuipeza pansi pa K120,000.

Mayi a Golosale: Inu amene munagula choikapo maluwa musandiphunzitse mitengo.

Mphunzitsi wa ku Mkanda: Koma tisanyoze chinthu tisanachimvetse. Ine ndinamva kuti Sonos imasunga nyimbo 65,000. Fulashi ya mayiwa ingafike pamenepo? Ngati memore yake ndi yotero, vuto lili pati?

Wokonza Mafoni pa Boma: Nambalayo ndi yoona aphunzitsi koma mwaigwira kumchira. M'sipikamo simukhala nyimbo ngakhale imodzi. Nyimbo zimakhala pa kompyuta yanu kapena pa hadi disiki yolumikizidwa ku netiweki yapanyumba. Sipika imangosunga kaundula, dzina la nyimbo, woimba, ndi pomwe ili. Zili ngati rejisitala yanu ya m'kalasi, muli maina okhaokha, ana ali pabwalo. Kaundulayo ndiye amathera pa 65,000, ndipo maina akakhala ataliatali amadzadza musanafike n'komwe. Kompyutayo ikazima, nyimbo zonse zii.

Chinanso chomwe wogulitsayo sanganene: kale unkatha kuimba nyimbo zosungidwa mufoni mwako kudzera pa app ya Sonos. Pa iPhone anachotsa mu 2019, pa Android mu 2023. Ndiye nyimbo zomwe munatumiziridwa pa WhatsApp zija Play:1 siiziona. Pamafunika Spotify kapena zina zotero, zomwe zikutanthauza rauta ya Wi-Fi yoyaka ndi bandulo tsiku lililonse. AirPlay 2, njira yotumizira nyimbo kuchokera pa iPhone, nayonso Play:1 ilibe, inayambira pa zatsopanopo monga Sonos One ya 2017 ndi Play:5 yachiwiri.

Mphunzitsi wa ku Mkanda: Rejisitala yanga musaitchule, ili ndi mavuto ake.

Aphiri a Kabaza: Ndiye sipika yodya bandulo ngati chibwenzi cha ku koleji.

Mlongo wa ku Area 25: Ine ndili nawo awiri a Play:1 kuno ku Lilongwe, anandisiyira abwana anga akale, ndipo sindingawagulitse. Mukawaphatikiza, ina kumanzere ina kumanja, mawu ake sabuufa yapamsika siingayandikire. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, imagwira bwinobwino. Komanso achimwene okonza mafoni simunanene zonse. Play:5 ili ndi pobaya waya kumbuyo, ngakhale yoyambayo. Mukabaya foni kapena TV pamenepo, mawuwo mukhoza kuwatumiza ku ma Play:1 aja m'zipinda zina. Onse atatu amayendera limodzi pa S1. Atate a Tadala akawatenge, kungoti atsitse mtengo.

Wokonza Mafoni pa Boma: Zoona asisi, pa S1 amayenda limodzi. Koma tsiku lomwe adzafune kuwonjezera yatsopano ngati Era 100 ya 2023, imeneyo pa S1 siilowa. Adzakhala ndi ma app awiri m'nyumba imodzi, masipika osalankhulana. Ndipo ngati bwana wa ku Joni uja anakweza kale ma Play:1 kupita pa S2, pafunika kuwabweza kaye. Ntchito imeneyo ndimalipiritsa.

Mlongo wa ku Area 25: Eya, nkhani yafika pa malonda anu tsopano.

Bigi wa pa Mwami: Mwaona? JBL ilibe zachibwana zimenezi.

Wokonza Mafoni pa Boma: Ilinazo bigi. Tengani Flip 4 ndi Flip 5 muyese kuziphatikiza. Ina imayendera Connect+, inayo PartyBoost, sizimvana, kampani imodzi yomweyo. Flip 5 anaichotseranso pobaya waya.

Bigi wa pa Mwami: Tima Flip ndi ta ana asukulu.

Mlimi wa ku Kapiri: Bambo a Tadala, fetereza mwagula? Ndangofunsa.

Bambo a Tadala: Ankolo, ndafunsa za sipika.

Mlimi wa ku Kapiri: Ndamva. December akubwera, tidzaona ngati chimanga chimakula ndi besi.

Wa pa Kamwendo: Ndiye mukuti kangaka n'kamoyo? Amene akufuna abwere ndi K130,000 atenge, maluwa ndichotsa ndekha.

Mayi a Golosale: K30,000, ndiziikapo sikelo.

Wa pa Kamwendo: Mayi, ulemu pang'ono.

Bambo a Tadala: Ndapitako madzulo ano. Pamwamba pali mabatani odina, ndiye ndi yoyamba ija. Nditamuuza za S1 ndi S2 mnyamatayo anangoti kukamwa yasa, kenaka watsika kufika K300,000. Ndazindikiranso kuti tsiku lija ankaimbira pa rauta ya mlamu wake, ine kwanga ndilibe. Mapulagi akenso ndi a ku Joni, amano ozungulira, pafunika adaputala.

Mlongo wa ku Area 25: K300,000 atatu? Tengani msanga. Mukasiya ndiuzeni, ndituma mwana pa minibasi.

Wokonza Mafoni pa Boma: Ine ndingapereke K180,000 pa ma Play:1 okhawo, yaikuluyo asunge yekha.

Mayi a Golosale: K300,000 imeneyo ndi masabuufa anayi, chenji n'kugulira fulashi.

Aphiri a Kabaza: Mayi a Tadala akudziwa za nkhaniyi?

Bambo a Tadala: Aphiri, inu mumangoyendetsa njinga, za m'nyumba mwanga zisiyeni. Rauta yotchipa ikupezeka zingati pa Boma?

Bigi wa pa Mwami: Yanga ndinagula ku Lusaka.