Anzanga akufuna kumakathandiza odwala kumudzi kwathu mwaulere, tiyambire pati?

Malume wa ku Area 36:
Moni nonse pagulu pano. Nkhani yanga ndi yayitali pang'ono, mupirire nane.

Ndimakhala m'tauni muno koma kwathu ndi kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, m'boma lomwe lino la Lilongwe. Ndi mudzi wa alimi okhaokha, fodya, mtedza, soya ndi chimanga. Kuchoka pamudzi kukafika pachipatala chaching'ono cha boma ndi makilomita 14, ndipo panjira pali mtsinje wopanda mlatho. Chilimwe umangolumpha. Dzinja umakhala pansi n'kudikira kuti madzi aphwe.

February wathayu mwana wa mlongo wanga, wa zaka zitatu, anatentha thupi Lolemba. Inali sabata yothyola fodya, ndiye anangomugulira panado pagulosale kuti aone mawa. Lachiwiri usiku mwana anayamba kukomoka, maso kutembenukira m'mwamba, nsagwada gwa. Wa kabaza ya njinga yamoto anati K15,000, ndipo akathera pamtsinje. Inu mukudziwa, mu February ndalama ya mlimi wa fodya imakhala ili lende m'chigafa. Alamu anamanga ng'ombe pangolo mpaka pamtsinje, n'kuwoloka mwana ali paphewa, madzi olekeza m'chifuwa, foni ya tochi ataluma pakamwa. Anafika pachipatala kukucha. Anapezeka ndi malungo aakulu, n'kutumizidwa ku Kamuzu Central komwe anamuika magazi. Ine ndinawapeza kumeneko, thalauza la alamu likadali ndi matope mpaka m'chiuno. Mwana ali moyo, akusewera, Mulungu alemekezeke.

Nkhaniyi ndinaifotokoza kutchalitchi. Mayi wina namwino ndi bambo wina clinical officer anadzipereka kuti azipita kumudziko Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, osalipidwa. Palinso mnzawo dokotala wochokera kunja amene akubwera mu August, akuti adzatenga sutikesi ya mankhwala. Ine mwachimwemwe ndinaimbira anyakwawa, ndipo iwo alengeza kale pamaliro kuti "mwana wathu wa m'tauni akubweretsa madokotala". Tsopano tulo sindikupeza. Kodi zimenezi zimangochitika, kapena pali chilolezo? Mankhwala tingamangogawa pansi pa mtengo? Nanga wina akafera m'manja mwathu mlandu ndi wa ndani? Amene munachitapo zotere, ndithandizeni nzeru.

Namwino wopuma, Kawale:
Pepani achimwene, mwaona zakuda. Mtima wanu ndi wabwino koma musayambe musanapite ku ofesi ya DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lino, pa Bwaila. Mulembe kalata yonena mudzi, anthu amene akubwera, ntchito imene akufuna kugwira ndi masiku ake. Muuzenso mkulu wa pachipatala chaching'ono chija, chifukwa anthu amenewo ali m'dera lake ndipo odwala amene mudzawalephere mudzawatumiza kwa iye.

Clinical officer akhale ndi chiphaso cha chaka chino cha Medical Council of Malawi, namwinoyo cha Nurses and Midwives Council. Dokotala wakunjayo, kaya ndi katswiri wotani kwawoko, sagwira wodwala kuno asanalembetse ku Medical Council, ndipo si za tsiku limodzi, ayambe pano. Za sutikesi ndiye samalani. Mankhwala olowa m'dziko muno amafuna chilolezo cha PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Ine ndinalandirapo makatoni a mphatso olembedwa chilankhulo choti palibe ankatha kuwerenga, ena atatsala milungu itatu kuti athe mphamvu. Inasanduka ntchito yathu kuwasunga ndi kuwawononga. Bola atumize ndalama, mugule kuno zimene madokotala athu amalemba.

Mjomba wa ku Chinsapo:
Anyakwawa alengeza pamaliro? Ndiye mwakodwa kale mkulu. Lowerukalo mukapeza midzi 7 ili pamzere, wina akufuna magalasi a maso, wina kuzula dzino, wina wangobwera kudzafunsa ngati mwabweretsako feteleza.

HSA wa kumudzi:
Bambo, ine ndine mlangizi wa zaumoyo, ndagwira ntchito m'midzi ya Lilongwe zaka zopitirira khumi. Ndikufunseni funso limodzi, musakwiye. Mphwanu anakomoka Lachiwiri usiku. Anzanuwo azibwera Loweruka masana, kamodzi pamwezi. Akanamuthandiza bwanji?

Chimene chikanamuthandiza chilipo kale m'ndondomeko ya boma. Kuyambira 2008 m'midzi yakutali ndi chipatala mumayenera kukhala village clinic, yoyendetsedwa ndi HSA, yothandiza ana a miyezi iwiri mpaka osakwana zaka zisanu. M'bokosi mwathu mumakhala zoyezera malungo za pachala zija, mankhwala a malungo a LA, Thanzi ndi zinc za kutsegula m'mimba, ndi amoxicillin wa chibayo. Mwana akabwera Lolemba thupi litangotentha, ndimamubaya chala, pakapita mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka, ndimamupatsa LA woyamba pompo ndikuona, mayi n'kukapitiriza m'mawa ndi madzulo masiku atatu. Malungo ambiri amathera pomwepo. Akabwera akukomoka, akusanza chilichonse, kapena akulephera kumwa ndi kuyamwa, sindimusunga. Ndimamuika mankhwala a kumatako kuti apirire panjira, ndimalemba m'buku lake, n'kuuza makolo kuti thamangani.

Ndiye funso ndi lakuti HSA wa mudzi wanu ali kuti? Ndikuganiza yankho ndikulidziwa. Alipo, koma amakhala pa trading, kufupi ndi chipatala, chifukwa kumudziko kulibe nyumba yoti akhalemo ndi banja lake. Amabwera tsiku la sikelo n'kubwerera. Mtsinje ukadzadza nayenso ali tsidya linalo limodzi ndi bokosi lake. Lamulo limati HSA mmodzi asamale anthu 1,000, koma ambirife tikusenza oposa pamenepo, njinga yake yakapalasa yomweyo.

Kumene ndili kuno anthu anaumba njerwa, anandimangira nyumba ya zipinda ziwiri ndi kachipinda koonera ana. Usiku amagogoda, ndimadzuka ndi tochi. Sindikunena kuti mankhwala sathera, amatha, pena mwezi wathunthu ndilibe zoyezera. Koma ndili pamudzi. Ngati muli ndi anthu ofuna kuthandiza, ndalama ya mafuta yopitira ndi kubwerera Loweruka khumi ndi awiri pachaka muiwerengere, muone kuti ndi malata angati.

Malume wa ku Area 36:
A HSA, mwandilasa. Kunena zoona munthu ameneyu sindimudziwa n'komwe. Mlongo wanga amangoti "adokotala a sikelo". Ndifufuza nambala yake lero.

Mayi wa ku Area 25:
Ndikuwonjezereni za akuluakulu. Kwathu kunabwera gulu lina la achifundo, matenti, ma T-shirt, zithunzi. Anawayeza mayi anga BP n'kupeza yakwera kwambiri, anawapatsa mapiritsi 30. Mayi anamwa, mutu unasiya, anasangalala. Mapiritsi atatha gulu silinabwerenso, ndipo palibe anawalembera m'buku lawo la kuchipatala dzina la mankhwalawo. Iwo ankangoti "timapiritsi toyera tating'ono". Anaganiza kuti achira. Patapita miyezi inayi anafa ziwalo mbali imodzi. BP ndi shuga si malungo oti umwa masiku atatu watha, ndi za moyo wonse. Mukayamba kuyeza, mudziwiretu kuti munthuyo akatenga kuti mankhwala mwezi wa mawa. Ndipo chilichonse mulembe m'buku lake.

Mphunzitsi wa ku Mitundu:
Akulu anati mlendo ndi mame. Dzuwa likatuluka wapita.

Clinical officer, Lilongwe:
Aphunzitsi, akulu omwewo anatinso mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tisawagwetse mphwayi anthu odzipereka, alipo ochepa kale. Ine ndimapita kumudzi wina kamodzi pamwezi, chaka chachitatu tsopano. Zoona, wokomoka usiku sindimupeza. Koma ndimapeza agogo amene atsokomola miyezi iwiri, n'kuwatumiza kukayezetsa makhololo a TB. Ndimapeza mwana wotupa mapazi, tsitsi lofiirira, amene mayi ake akuti walodzedwa pomwe ndi kunyentchera. Ndimapeza wa khunyu amene anasiya mankhwala, wapsa mkono pamoto. Anthu amenewa sangayende makilomita 14 chifukwa kwa iwo "sakudwala kwenikweni", ndipo HSA saloledwa kuwapatsa mankhwala. Chimene ndinaphunzira n'chakuti tsiku langa ndimaliphatikiza ndi tsiku la sikelo ya HSA, kaundula ndi wa chipatala, malipoti amapita kuchipatala. Sitikhala ndi chipatala chathuchathu cha pambali. A Malume, anzanuwo afunseni mosabisa: adzabwerabe mu January msewu uli phala, kapena ndi a chilimwe okha? Akati chilimwe chokha palibe cholakwa, koma anthu auzidwe zoona.

Mnyamata wa ku Mtandire:
Mukuzungulira nonse. Vuto ndi mlatho. Tili ndi phungu, tili ndi khansala, kuli ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera, chaka ndi chaka. Ife tikamamanga nyumba za HSA ndi ndalama zathu, iwo ntchito yawo ndi chiyani? Kudzagula bokosi la maliro mwana atafera pamtsinje?

Mphunzitsi wa ku Mitundu:
Mukunena zoona mwana wanga, koma mlatho umadzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku ya dera lonse (ADC), kukafika ku khonsolo. Alembe, akakamize, asatope. Pakadali pano mvula ya December sidikira msonkhano wa khonsolo.

Mnyamata wa ku Mtandire:
Ndi mtima umenewo womwe anatizolowera nawo, aphunzitsi.

Nachisale wa ku Kasiya:
Abambo mukukamba za ana okha, amayi oyembekezera mwawasiya kuti? Kwathu kuno mfumu inaika chindapusa cha mbuzi kwa wochirira pakhomo kapena panjira, azamba analetsedwa. Ndiye mayi mwezi wake ukakwana amapita kuchidikiro ndi gadiyani, ufa, nkhuni, ndiwo, beseni, nsalu. Kukhala milungu itatu kumeneko nthawi yopalira, munda ukumera udzu, ana ena ali ndi agogo. Ena amachedwa dala chifukwa alibe ufa wotenga, osati umbuli ayi.

Ife amayi a banki m'khonde tinatsegula thumba la zadzidzidzi. Sabata iliyonse aliyense amaponya kangachepe pambali pa masheya. Tinagwirizana ndi anyamata awiri a njinga zamoto, wina tsidya lino wina tsidya linalo, mtengo tinakambirana kale masana, kuti usiku pasakhale kunenerera. Wodwala amanyamulidwa kaye, msungichuma amalipira m'mawa, banja limabweza likagulitsa soya. Chaka chatha msungichuma wina anabwereka thumba lonse kukagula feteleza, tinakangana mpaka kwa mfumu. Pano bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu.

Mufunsenso ngati pafupi pali chipatala cha mishoni. Zina za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi makanda athandizidwe osalipira. Sizifanana chipatala ndi chipatala, ndiye mukafunse pakhomo pake, anthu ambiri amaopa bilu pomwe palibe.

Namwino wopuma, Kawale:
Ndinaiwala. Mlongo wanu asunge nambala iyi mufoni: 54747, Chipatala Cha Pa Foni, ndi yaulere pa Airtel. Sangamubaye jakisoni pafoni, koma akanaimba Lolemba lija akanauzidwa kuti mwana wotentha thupi nthawi ya mvula akayezedwe tsiku lomwelo, fodya adikire. Komanso muone buku la mwanayo ngati anamaliza katemera wa malungo. Katemerayu anayambira kwanu konko, pa Mitundu mu April 2019, koma amayi ambiri amaiwala womaliza uja chifukwa mwana amakhala wakula, wasiya kupita kusikelo. Ndipo neti agonemo, isakhale yotchingira dimba la tomato.

Mjomba wa ku Chinsapo:
Amayi, za neti mwakhudza fuko lonse.

Malume wa ku Area 36:
Ndabweranso abale, zikomo nonse. Ndalankhula naye HSA wa kwathu dzulo madzulo, pafupifupi ola lathunthu. N'zoona, amachita lendi pa trading. Akuti usiku umene uja LA anali naye m'bokosi, ndipo anamva za mphwanga patapita sabata. Mawu ake anatsika ponena zimenezi, ine ndinasowa choyankha. Akuti zaka ziwiri zapitazo komiti ya zaumoyo ya m'mudzi inaumba njerwa za nyumba yake, uvuni unawotchedwa, koma malata anasowa. Njerwazo zina anthu anatolatola kumangira mabafa, zina zamera udzu kuseri kwa sukulu. Wavomera kusamukira kumudzi ngati nyumba itatha, bola mkazi wake apeze kamunda.

Anzanga a kutchalitchi ndawawerengera zonse mwalemba. Namwino wati azibwera tsiku la sikelo. Clinical officer wati mu dzinja sangalonjeze. Dokotala wakunja sanayankhebe za sutikesi, ndikuona ngati wakhumudwa pang'ono. Kalata ya kwa DHO ndilemba sabata ino.

Chovuta ndi anyakwawa. Nditatchula za nyumba ya HSA anangoti, "Ndiye madokotala aja sabwera? Ine ndikawauza chiyani anthu?" Loweruka ndikupita konko ndi shuga ndi botolo la mafuta ophikira, ndikakhale nawo pansi pamodzi ndi amalume anga.

A HSA, nyumba yanu ija inalowa malata angati, a mafiti angati? Ndipo kachipinda koonera ana kali ndi khomo lakelake, kapena odwala amadzera pabalaza panu?

HSA wa kumudzi:
Khomo lakelake bambo, ndi loko wolimba, komanso khonde loti amayi abisale mvula. Malata ndiwerenga ndikafika kunyumba, pano ndili pamjigo tikuthira klorini.