Bambo akunyumba akulitaya, akuti tigulitse nyumba tizipita kumudzi kwawo, ine mtima ukukana

MayiWaAtatu25 analemba:

Mwaswera bwanji amayi anzanga. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno osayankhula kanthu koma lero ndati nane nditule zanga chifukwa ndikapitiriza kuzisunga BP indigwetsa.

Ndili ndi zaka 49, pabanja ndakhalapo zaka 27. Bambo akunyumba amagwira m'boma ndipo chaka chamawa akwanitsa 60 ndiye akulitaya. Ana atatu onse anatuluka, woyamba ali ku Joni, wachiwiri anakwatiwa ku Blantyre, chitsiriziro ali ku koleji amangobwera pa holide. Nyumba yomwe kale anthu ankalimbirana rimoti pano ili zii, nsima ndimaphikira m'kapoto kamene kale ndinkawiritsira mazira.

Nkhani ndi iyi. Abambowa akuti akangolandira ndalama zawo tigulitse nyumba yathu ku Area 25 ku Lilongwe tikamange kwawo ku Dowa, azikalima soya ndi kuweta nkhumba. Nyumba imeneyi tamanga zaka 9, njerwa zina ndinkasenza ndekha pamutu ndili ndi mwana kumbuyo. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ku Dowa ndimangopita kukakhala maliro kapena ukwati. Komanso ndili ndi shopu yanga ya utelala, ndinayamba ndili ndi zaka 41 ndi ngongole ya banki mkhonde, mashini amodzi pakhonde, pano ndili ndi atatu ndi atsikana awiri ondithandiza, timasoka ma yunifomu a sukulu ndi zovala za zinkhoswe. Chikwatiwire ndi nthawi yoyamba kukhala ndi ndalama yanga yanga yoti ndikafuna chitenje sindipempha munthu. Ndiye pomwe ndayamba kupuma chonchi andiuze kuti longedza?

Apongozi anga aakazi akalamba kwambiri ndipo alamu anga ayamba kale kumanena kuti mlamu abwere adzawasamale amayi, ngati iwowo kulibe. Kuwonjezera apo thupi langa silili bwino, usiku ndimadzuka thukuta kamukamu mpaka kusintha malaya, kumwezi ndimapita mwezi uno kenako miyezi itatu zii, mtima wapachala, kanthu kakang'ono ndapsa kale mtima. Ndikangoti tikambirane amati ndalama za mashini zakulowani m'mutu. Kodi ndikulakwa? Ndikane bwanji banja osagwedezeka? Mundilangize chonde, makamaka amene munadutsamo.

Nachisale_KU anayankha:

Amwali khalani pansi ndikuuzeni zanga, ine ndinapita.

Malemu bambo a ana anga anapuma mu 2014 tili ku Kawale, nawonso nyimbo inali yomweyo, kumudzi kulibe lendi, kulibe mabilu a madzi, ndiwo n'zothyola kuseri kwa nyumba. Tinagulitsa kanyumba kathu tinapita. Chaka choyamba zinali bwino ndithu sindinama, tinamanga ya malata, tinagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo, abale ankabwera m'mawa uliwonse kudzalonjera ndipo aliyense pochoka amachoka ndi kasopo kapena kashuga. Ndalama ya penshoni ija imaoneka ngati phiri tsiku lolandira koma kumudzi ikadziwika kuti yafika imasungunuka ngati mchere m'madzi, uyu fizi, uyu feteleza, uyu mwana wadwala, iwe ukakana ndiwe mkazi woipa wochokera m'tauni. Chaka chachitatu inali itatha.

Abambo anatisiya mu 2019. Titangometa, mwezi usanathe, akuluakulu anandiitana pansi pa mtengo wa mango womwe ndinadzala ndekha, mawu ake aulemu kwambiri, akuti mayi mwatisamalira m'bale wathu tathokoza, tsopano takumasulani. Ine n'kumaganiza kuti ndi mwambo chabe, osadziwa kuti akutanthauza kuti ndiziona msewu. Paja ife Achewa mkazi ukapita kwa mwamuna ndiwe mtengwa, malo aja ndi a mbumba, eni ake ndi azichemwali a mwamunayo ndi ana awo, ngakhale ana ako omwe kwawo kwenikweni amati ndi kwa amalume awo. Palibe anandimenya kapena kunditukwana, anangosiya kundilonjera, munda uja mphwake wa malemu anayamba kugalauza osandiuza. Ndinachoka ndi masutukesi awiri ndi mapoto. Pano ndili ndi zaka 61 ndikukhala kwa mwana wanga wamkazi, ndimagona chipinda chimodzi ndi zidzukulu.

Sindikuti kwa amuna anu ndi chimodzimodzi, mabanja amasiyana, alipo atengwa anakalambira komweko mwaulemu. Koma nyumba ya ku 25 yo musagulitse. Zina zonse mukhoza kugonja, imeneyo ayi.

MaiBusaWamng'ono anayankha:

Ine ndiyankhula zosiyana pang'ono mundikhululukire. Zaka 27 si masewera. Abambowo agwira ntchito moyo wawo wonse akulota tsiku lobwerera kwawo, mayi awo ali moyo ndipo akufuna akawaone masiku otsalawa, zimenezo si zoipa. Ife ku Chigwirizano timaphunzitsana kuti banja ndi kupirirana. Ndipo tinene zoona amayi, mwamuna wa zaka 60 ali ndi ndalama m'thumba mukamusiya yekha kumudzi simutenga miyezi 6 musanamve kuti kuli kamtsikana kakumuphikira, azichemwali ake omwewo ndi amene adzamupezere. Mashini mukhoza kunyamula, ku Dowa nakonso anthu amavala. Pempherani kaye musanayankhe.

Nachisale_KU anayankha:

Mayi busa ulemu wanu, koma wofuna kukwatira wina amakwatira ngakhale mukugona bedi limodzi kkkk. Ndipo kumudzi osoketsa alipo inde koma amalipira akakolola, ena ndi nkhuku.

AchimweneAnu anayankha:

Pepani ndalowerera nkhani za amayi, ndine bambo ndinapuma zaka zitatu zapitazo. Ndingokuuzani zomwe amuna sitinena. Kulitaya kumaopsa. Zaka zonsezi umadzuka 5 koloko, kutchena, anthu kumakuti bwana, kenako tsiku limodzi foni imangosiya kulira. Ndiye ukaona mayi akudzuka kupita ku shopu kwawo iwe n'kutsala ndi wailesi pakhonde, mumtima mumabwera manyazi, umaona ngati aneba akukuseka kuti akudyetsedwa ndi mkazi. Kumudziko munthu amathawirako chifukwa kumeneko adzakhalabe wamkulu, azidzamuitana pa milandu ndi pamaliro. Mawu oti ndalama zakulowani m'mutu aja ndi mantha amenewo, si chidani.

Langizo langa musayambe ndi mawu oti sindipita. Afunseni kuti bambo tiwerengere limodzi, cholembera m'manja. Nkhumba zingati, chakudya chake ndalama zingati pamwezi, chigodola chikalowa m'khola tidzagwira mtengo wanji, poti matenda amene aja alibe mankhwala ndipo amatha kupululutsa khola lonse sabata imodzi. Soya mtengo ukagwa chaka chimenecho tidya chani. Akawerengera okha adzaona kuti lendi ya nyumba ya ku Lilongwe ndi shopu yanuyo ndiye inshulansi ya ulimi wawowo. Komanso Dowa si kutali, kuchoka ku 25 kukafika ku Mponela ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuposera pang'ono pa M1, munthu akhoza kupita Lolemba kubwera Lachisanu. Ine ndimatero, munda uli ku Mchinji mayi ali ku Likuni, chaka chachitatu chino sitinamenyanepo.

Nangozo_BT anayankha:

Sis funso langa limodzi, mapepala a nyumbayo ali m'dzina la ndani? Ngati simukudziwa kayang'aneni lero lomwe, osati mawa. Ambirife timangoti nyumba yathu nyumba yathu koma pa pepala pali dzina limodzi ndipo munthu akhoza kugulitsa iwe uli ku msika. Ngati ndi la abambo okha apempheni mwaulemu kuti muwonjezerepo lanu, ndipo ma risiti a simenti, malata, buku la banki mkhonde lomwe munkatengera ngongole, sungani zonse pamalo amodzi, jambulaninso pafoni mutumizire mwana wanu mmodzi.

Malamulo alipo otiteteza. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo munthu akamwalira osasiya wilo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, osati achimwene kapena a malume ngati kale. Lamulo la maukwati la 2015 nalonso lilipo pa nkhani ya kugawana katundu banja likatha. Koma taonani nkhani ya a Nachisale pamwambapo, palibe anawalanda ndi mpeni, anangowazizira mpaka anachoka okha, ndipo nyumba yomangidwa pa malo a makolo a eni ake ngakhale utawina mlandu ungakhalemo bwanji anthu onse ozungulira sakukuyankhula? Nchifukwa chake ya m'tauni ili yofunika, imeneyo ndi yomwe lamulo lingakugwirireni bwinobwino.

Ndipo nonse awiri lembani wilo. Anthu amaopa ngati ukalemba ndiye kuti ukudziitanira imfa, ayi ndithu, ndi pepala lolembedwa, kusainira pamaso pa mboni ziwiri nazonso n'kusainira, mbonizo zisakhale anthu olandira nawo katunduyo. Ngati simukumvetsa pitani ku Legal Aid Bureau mukafunse.

Za apongozi, alamu anuwo ali angati? Mayi ndi awo. Inu thandizani monga mpongozi, shuga, sopo, mankhwala, kukawaona, kaya kuwatenga adzakhale nanu ku Lilongwe komwe chipatala chili pafupi ngati angalole. Koma zoti mutseke shopu chifukwa ana awo obereka atopa, mmm ayi.

NesiWaKale anayankha:

Anzanga anena za nyumba, ine ndinene za thupilo poti ndagwira ntchito ku chipatala zaka zambiri. Zomwe mukufotokozazo, kutentha usiku, thukuta, kumwezi kodumphadumpha, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, ndi kusintha kwa thupi pomwe mayi akuyandikira kusiya kusamba. Amayi ambiri zimawapeza pakati pa zaka 45 ndi 55 ndipo zimatha kutenga zaka zingapo. Simunalodzedwe ndipo si ndalama za mashini kkk. Timati mwasiyiratu pakatha miyezi 12 yathunthu osaona kanthu, ndiye pakadali pano mimba ikhoza kubwerabe, musataye kulera msanga mungadzatidabwitse ndi mwana wofanana zaka ndi chidzukulu.

Valani za kotoni pogona, madzi pafupi ndi bedi, tiyi wamasamba ndi khofi madzulo chepetsani, yendaniko pansi tsiku lililonse poti ntchito yanu ndi yokhala. Zikanyanya pitani mukaonane ndi adokotala, thandizo lilipo. Mukayezetsenso BP ndi shuga, komanso khomo la chiberekero, kuyeza kuja kwa VIA kofufuza khansa ya khomo la chiberekero m'zipatala za boma ndi kwaulere ndipo sikutenga nthawi, khansa imeneyi ikutha amayi ambiri kuno ku Malawi chifukwa timapita mochedwa. Mukadzasiyiratu kenako n'kuonanso magazi, ngakhale kadontho, musadikire, thamangani ku chipatala.

China, azigogo ankatiuza kuti mayi akasiya kusamba asamakhalenso malo amodzi ndi bambo ati mimba imatupa. Bodza limenelo, lapasula mabanja ambiri. Ngati pali kuuma kapena kuwawa nenani ku chipatala osachita manyazi, zilipo zothandiza. Ndipo abambowo auzeni zomwe zikuchitika m'thupi mwanu, ambiri sadziwa olo pang'ono, amangoona mkazi wayamba ukali n'kumaganiza kuti wayamba mwano.

MayiWaAtatu25 anayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri mpaka ya a Nachisale ndalira. A Nangozo ndinakayang'ana mu sutukesi ija timasungamo ma setifiketi, pepala la poloti lili m'dzina la abambo okha, ine sindikupezekapo paliponse, manja anachita kunjenjemera. Buku la banki mkhonde la 2017 ndi 2018 ndalipeza, muli ngongole ziwiri zomwe ndinagulira malata a kukhitchini ndi matailosi.

Dzulo usiku magetsi atazima tinakhala pakhonde ndiye ndinayesa njira ya achimwene ija, sindinanene zoti sindipita, ndinangoti bambo tandiuzani nkhumbazo mukufuna kuyamba ndi zingati. Anayankhula pafupifupi ola lonse osapuma, mpaka khola anajambula kale kuseri kwa kalendala, ine osadziwa. Nditafunsa za chigodola anakhala chete kenako anati tiona. Za thupi langa ndinawauzanso, anangoti ooh, ndimayesa mwayamba kundida. Zogulitsa nyumba sanabweze mawu koma sanakalipe ngati masiku onse, ndipo za dzina langa pa pepala sindinayambe, ndaona kuti zonse tsiku limodzi zingawachulukire.

Ankhoswe sindinawauze kaye, wa kwathu ndi achimwene anga ndipo ndi aukali angakaononge zinthu. Loweruka tikupita limodzi ku Dowa kukaona amayi ndi malo akufuna kumangapowo. Ku chipatala ndipita Lachiwiri ndikamaliza ma yunifomu a sukulu ina ali 40 akufunika Lolemba.

Nachisale_KU anayankha:

Mukafika kumeneko Loweruka mufunse pamaso pa alamu anu onse kuti malowo anapereka ndani ndipo a mfumu akudziwa? Mufunse moseka, muone amene ayang'ane pansi.