Kodi magetsi a m'mutu angathandize pa myositis (matenda a kutupa kwa minofu)?

Mwana_wachiwiri:
Abale ndithandizeni, mayi anga ali ndi polymyositis, mtundu wina wa myositis, chitetezo cha mthupi chikulimbana ndi minofu yawo yomwe moti kudzuka pampando kapena kukweza mkono kuti apese tsitsi ndi nkhondo. Akumwa prednisolone koma nkhope yatupa, shuga nayenso wakwera. Ndamva za tDCS, ati amadutsitsa magetsi mmutu popanda opaleshoni, nzoona zimenezi?

Wa_physio:
Nzoona achemwali, amamata timapadi tiwiri tonyowa pamutu nkudutsitsa magetsi ochepa kwambiri, 1 kapena 2 mA (muyeso wa magetsi) kwa mphindi ngati 20, munthu amangomva kuyabwa basi. Amalunjika mbali ya ubongo imene imalamula minofu. Ku São Paulo ku Brazil anayesapo pa odwala myositis koma anali anthu ochepa, nde akadali kafukufuku.

Malume_K:
Komatu vuto lili mminofu, magetsiwo sangaletse chitetezo kuukira. Ndipo asasiye prednisolone mwadzidzidzi chonde, nzoopsa zimenezo. Funsani adokotala za mankhwala a methotrexate kapena azathioprine, amathandiza kuti dozi ya prednisolone itsike.

Mwana_wachiwiri:
Eish ine ndimati ndingogula kamakina ka pa intaneti ndiziwapanga ndekha kunyumba kkkk

Wa_physio:
Ayi musayerekeze, muwaotcha khungu amayiwo.