Khosi likukhudzana bwanji ndi shuga ndi BP?

mayi_wa_atatu:
Abale ndithandizeni. Dzulo ndinaperekeza amuna anga kukayezetsa BP, anesi atamaliza anatenga tepi ngati ya telala ija nkuwayeza khosi kenako mimba. Khosi linakwana 43 cm ndiye anawafunsa ngati amaliza mkonono, zomwe ndi zoona, amaliza kwambiri moti nthawi zina amakhala ngati asiya kupuma kenako nkudzidzimuka. Ine ndimangodziwa za sikelo ndi BMI, nanga khosi likubweramo bwanji? Ndili ndi nkhawa coz apongozi anga aamuna anapita ndi sitiroko.

nesi_wausiku:
Mayi, anesiwo anachita bwino kwambiri. BMI imangotenga kulemera ndi kutalika, ikafika 25 akuti mwayamba kunenepa, 30 mwanenepa kwambiri, koma siyikuuzani kuti mafutawo akhala pati. Ndipo nkhani yagona pamenepo. Mafuta a m'ntchafu ndi m'matako savuta kwambiri ngati a kumtunda kuno, pamimba, pachifuwa ndi m'khosi, amenewa amatulutsa mafuta ambiri m'magazi nkumakafika kuchiwindi, thupi limayamba kusamvera insulin (homoni yotsitsa shuga m'magazi) ndiye shuga amakwera, BP nayo, mitsempha nkumatsekeka pang'onopang'ono munthu osamva kupweteka kulikonse. Kafukufuku wa Framingham ku America mu 2010 anapeza kuti khosi lalikulu limayendera limodzi ndi mavuto amenewa ngakhale utawerengera kale BMI ndi mimba.

Ubwino wa khosi ndi woti munthu savula, komanso silisintha kaya wangodya kumene kaya wapuma mpweya wambiri. Tepi imadutsa mmunsi pang'ono mwa kafupa kotuluka pakhosi kaja, mutu uli chilili, osafinya.

Koma chandigwira mtima ndi mkononowo. Khosi lopitirira 40 cm ndi chimodzi mwa zomwe timayang'ana tikamakayikira sleep apnoea, matenda oti njira ya mpweya imatsekeka munthu ali mtulo, ndipo amakweza BP zedi. Zoti amasiya kupumazo mukawauze adokotala momwe mwalembera apamu, inu ndi amene mumaziona, iwo sadziwa.

wa_jimu88:
Ine khosi langa ndi 42 koma ndimanyamula zitsulo, mimba ndilibe. Ndiye tisamangoopsezana ndi khosi, wina ali ndi chithokomiro khosi lotupa mutani naye? Kwa ine mimba ndiye imanena zoona. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mimba ya mwamuna ikapitirira 94 cm asamale, 102 ndi zoopsa, mkazi 80 ndi 88.

nesi_wausiku:
Achimwene simukunama, khosi palokha silipereka chigamulo ndipo palibe nambala imodzi yomwe mayiko onse anagwirizana ngati mmene zilili ndi mimba. Limangotiuza kuti uyu timuyezenso bwino. Njira yosavuta kunyumba: mimba isafike theka la kutalika kwanu. Yezani pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya, osati pomwe pamakhala lamba coz azibambo ambiri lamba amamangira pansi pa mimba nkumati ndimavalabe saizi yakale.

agogo_aakazi:
Nanga tepi ya pamkono ija amayeza ana kusikelo, imagwiranso kwa akulu? Ine miyendo imavuta kuima pasikelo.

nesi_wausiku:
Imagwira agogo. Timayeza pakati pa phewa ndi chigongono, dzanja litangolendewera. Kwa ana timafufuza kunyentchera, pansi pa 11.5 cm ndi zoopsa, koma kwa akulu omwe sangaime kapena amayi oyembekezera imathandiza kuona ngati thupi lachepa kapena lachuluka. Za shuga ndiye mpaka magazi ayezedwe basi.

mayi_wa_atatu:
Zikomo nonse. Ndawayeza pompano, kutalika 170 mimba 101, theka likanakhala 85. Anayamba kukana kuti ali bwinobwino koma ataona tepiyo ndi maso awo angoti zii. Tagwirizana kuti Lolemba tipita m'mawa asanadye akayezetse shuga, ndipo za mkononozo ndikazinena ndekha.