Ndiwalowe bwanji abwana kuti andilipirire msonkhano wa ku Mangochi?

Membala wobisa dzina
Adimini ndibiseni dzina chonde, a ku ofesi kwathu ambiri ali pa gulu lino. Moni nonse akuluakulu. Ine ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina yogulitsa fetereza, mbewu ndi mankhwala a m'munda kuno ku Kasungu, nyengo yokolola timagulanso soya ndi mtedza. Pali msonkhano wa pachaka wa ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi muno, uja umachitikira ku nyanja ku Mangochi, ndiye chaka chino mtima wanga uli komweko. Anzanga amene ndinaphunzira nawo amapita, ine ndimangoonera zithunzi pa foni. Vuto ndi abwana. Munthu wake ndi woumira koopsa. Shuga wa tiyi anachotsa, akuti aliyense azibwera ndi wake. Mpando umene ndimakhalira mwendo wina ndi womanga ndi mphira. Koma mnyamata wa malonda anamutumiza ku Blantyre ku chionetsero cha zaulimi pa Chichiri, alawansi ya masiku onse, kubwerako atavala nsapato zatsopano. Nthawi ya soya ine ndimaweruka kutada, Loweruka ndimagwira, kuwerenga ndalama za mavenda mpaka zala bii, zikomo palibe. Sikelo ikavuta amaitana ine ngati ndinapanga ndine. Kunyumbanso alandilodi akweza lendi, mwana ali Fomu 3, ndiye za m'thumba mwanga musawerengere. Ndiwalowe bwanji abwanawa kuti andilole komanso alipire? Chonde osatukwana, ndili ndi BP.

Mlimi wa pa Chinkhoma
Mayi, ndikuyankheni ine chifukwa enawa akunamizani. Ku nyanja kulibe sukulu. Kuli chambo, mowa ndi gule mpaka mbandakucha. Dziko lino latha ndi misonkhano ya ku nyanja imeneyi. Munthu kuchoka ku Kasungu kuno, kudutsa Lilongwe, Dedza, kutsetsereka Khwekhwelere mpaka Golomoti, kukafika ku Mangochi msana utathyoka, kukamva zimene akanatha kukutumizirani pa WhatsApp. Abwana anuwo ndi munthu wanzeru, muwapatse moni wanga.

Nabanda wa ku Santhe
Msonkhanowo ndi ndalama zingati? Nanga ndi masiku angati? Mwatiuza za shuga ndi mpando koma chenichenicho mwasiya.

Anti a HR
Mwana wanga, mabwana ambiri amene ndagwira nawo ntchito chimene amadana nacho ndi kuimitsidwa pa khonde n'kuuzidwa kuti ndikufuna kupita ku Mangochi, popanda pepala. Lembani tsamba limodzi basi. Fizi ya msonkhano payokha, thiransipoti payokha, malo ogona, chakudya, kenako muphatikize zonse pansi. Mumatepo pulogalamu ya msonkhanowo mutachonga mitu yokhudza kampani yanu, makamaka ngati pali za misonkho. Za shuga ndi za mnyamata wa malonda zisalowemo ngakhale mzere umodzi. Mukangotchula mnzanu, nkhani yasanduka ya nsanje.

Mlimi wa pa Chinkhoma
Anti, ndinu nomwe a HR amene mumasainira maalawansi amenewa, inunso dzina lanu lili pa mzere woyamba. Mungalangize munthu kuti asapite?

Anti a HR
Bambo, sindinayankhule ndi inu.

Mjomba wa Kabaza
Asisi musavutike, ine ndikutengani pa njinga yamoto mpaka Mangochi. Mungogula mafuta ndi chipisi pa Dedza kkkkk. Pobwerera titenge usipa wa bizinesi, ulendo ulipire wokha.

Debit ndi Credit
A Mlimi, musasokoneze anthu. Akauntanti amene ali membala wa ICAM amayenera kukwanitsa maola a CPD, maphunziro owonjezera luso pa ntchito, chaka ndi chaka, apo ayi umembala wake umakhala pa mavuto. Si ife tinayambitsa, ntchito imeneyi imayenda choncho m'mayiko ambiri. ICAM inabwera ndi lamulo la 2013, kale tinkati SOCAM. Malamulo a misonkho amasintha pafupifupi bajeti iliyonse ikawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo akauntanti amene sakutsatira amalipiritsa kampani chindapusa ku MRA. Mayi, imeneyo ndiye mfundo yowauza abwana, chifukwa chindapusa amachimva m'thumba mwawo.

Mlimi wa pa Chinkhoma
2013 mwaitchula nokha, zikomo. Chaka chomwecho ndi cha Cashgate. Ndalama zija ku Capital Hill anaba ndi alimi a fodya? Si anthu a mabuku omwewo, a masuti ndi mataye? CPD yanuyo inali kuti nthawi imeneyo?

Debit ndi Credit
Nanga amene anafukula m'mabukumo kuti ndalama zinayenda bwanji anali ndani? Si maodita a Baker Tilly? Kapena anali alimi a pa Chinkhoma?

Mlimi wa pa Chinkhoma
Amenewo anachita kuchokera ku UK achimwene. Sanaphunzirire pa hotelo ya Nkopola ku Mangochi.

Bambo a Tadala
Ine funso langa ndi limodzi. Amuna anu mwawauza? Mabanja ambiri atha ndi maulendo a ku nyanjawa. Mlamu wanga anapita wekishopu ya masiku atatu, lero ana akuleredwa ndi agogo awo ku Mkanda.

Naphiri Weniweni
Ndiye mwamuna akapita wekishopu banja silitha eti? Munthu wafunsa za ntchito, inu mwathamangira kuchipinda. Amuna a pa gulu lino muli ndi vuto.

Bambo a Tadala
Ndangochenjeza mayi, sindinatukwane munthu.

Namwino wa Usiku
Asisi mundimvetsere ine, zinandionekera. Ifenso a Nurses Council safuna zocheza pa CPD ukafuna kukonzanso laisensi. Nthawi imeneyo ndinali pa kiliniki ina ku Mchinji. Abwana anandiuza pakamwa kuti pita, ulipire wekha tidzakubwezera. Ndinatenga ngongole ku banki m'khonde, ndi chiwongoladzanja chake mukuchidziwa. Ndabwera, malisiti onse ndasanja bwinobwino mu envulopu, ndalowa mu ofesi. Munthu anangovula magalasi n'kundifunsa kuti, "Ndinanena liti zimenezo?" Tsiku limene ankandiuzalo mlonda analipo, koma mlonda angatsutse bwana wake? Amayi a ku banki m'khonde anabwera kudzanyamula matiresi ana akuona. Ndinasiyako ntchito. Akakavomera, akusainireni pa pepala lomwelo, mujambule ndi foni.

Mtumiki wa Ambuye
Mlongo, mtima wa bwana uli m'manja mwa Mulungu. Salani kudya, mupite ku phiri ndi dzina lawo lolemba pa pepala. Kalata ya Anti ndi yabwino koma ikapanda kupemphereredwa ingokhala mu dirowa. Ndipezeni ku inbox tigwirizane m'pemphero.

Naphiri Weniweni
Munthu wanena kuti ali ndi BP, inu mukuti asale kudya akwere phiri.

Comrade wa Antchito
Nonsenu mukusiya nkhani yaikulu. Employment Act ya 2000 ikuti wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, wogwira masiku 5 ali ndi 15. Mayiwa ati Loweruka amagwira. Tchuthi mumapita? Ovataimu ya nthawi ya soya amakupatsani? Penshoni, 10% ya abwana ndi 5% yanu, ikufika kumene iyenera kufika kapena amangodula pa pepala? Musanalirire Mangochi pitani ku ofesi ya Labour pa boma pomwepo. Komanso makampani amalipira TEVET levy, msonkho wa maphunziro a luso la ntchito, 1% ya malipiro a antchito, ndiye asamaname kuti ndalama za maphunziro kulibe.

Anti a HR
Comrade, munthu akufuna kukapempha kwa abwana, inu mukuti ayambe wawasumira? Lamulo mwatchulalo silikakamiza bwana kulipira msonkhano. Pa tchuthi pokha mwanena zoona, akakana kupereka masiku atha kutenga pa tchuthi chake.

Debit ndi Credit
Ndipo levy imeneyo amatolera ndi a MRA kupita ku bungwe la maphunzirowo la TEVETA, sikhala mu kabati ya abwana kudikira wofuna kupita ku nyanja.

Comrade wa Antchito
Mantha omwewa ndi amene akutisaukitsa a Malawi.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse amene mwayankha. A Mlimi, ine mowa sindimwa, ndine wa Chigwirizano. A bambo a Tadala, za kunyumba kwanga zisiyeni. Abwana sindinawauze maso ndi maso, koma akazi awo ndinawatsina khutu pa bridal shower ya mwana wa mnzathu wa ku sitolo, anati aona. Mpaka pano kuli zii, tikakumana amangondifunsa za ana. Ndinaiwalanso kunena, mwezi wathawu agula galimoto ina, ndiye asanene kuti ndalama kulibe, mabuku ndimagwira ndine.

Nabanda wa ku Santhe
Mayi, ndafunsa kuti ndi ndalama zingati.

Anti a HR
Ayi ayi, kudzera kwa akazi awo ayi. Nkhani ya ku ofesi ikafika kwa bwana kudzera kukhitchini imafika itapsa kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, pitani nokha. Ndipo mawu akuti mabuku ndimagwira ndine musakawatulutse pamaso pawo, amamveka ngati mukuwaopseza. Galimoto ndi yawo, kampani ndi yawo. Mulonjeze kuti mukabwera mulemba lipoti lalifupi ndi kufotokozera anzanu a mu ofesi zimene mwamva.

Mlimi wa pa Chinkhoma
Lipoti! Ndani anaonapo lipoti la ku nyanja? Tamverani. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, a Chakwera anaimitsa maulendo a kunja a akuluakulu a boma, ndi iwo omwe, mpaka Malichi. Ngati boma lenilenilo linavomera kuti maulendo amadya ndalama, nanga wogulitsa fetereza wa pa Kasungu? Fetereza amabwera ndi madola. Madolawo timabweretsa ndife, tikamagona mu shedi kusankha fodya, kudinda mabelo, kudikira pa okushoni mtengo osaudziwa. Ife ku kalabu kwathu tinasonkherana kutumiza msungichuma ku maphunziro a kasungidwe ka ndalama. Anabwera ndi satifiketi, chikwama cha nsalu ndi kapu. Chaka chomwecho buku la kalabu linasowa, iye ali ku Joni. Ndiye musandiuze za misonkhano ine.

Naphiri Weniweni
Bambo inu mwalemba kuposa mwini funso. Ku munda simupita?

Mlimi wa pa Chinkhoma
Nazale ndathirira kale mayi, bando ndagula ndi ndalama zanga.

Chisale wa pa Mtunthama
Simuyenera kugona ku hotelo ya msonkhano, kumeneko ndi kumene ndalama zimathera. Pa Makawa pali malo ogona otsika mtengo, m'mawa mungokwera kabaza. Funsaninso anzanu a ku Lilongwe opita pa galimoto, musonkhe mafuta. Mukawapatsa abwana mitengo iwiri, wa zonse ndi wa fizi yokha, nthawi zambiri amasankha wochepawo m'malo mokana. Ine ndinachitapo choncho.

Zovala za Madamu
Masuti a amayi a ku msonkhano alipo, masaizi onse, nsapato ndi zikwama zomwe. Kasungu timatumiza pa basi. Inbox.

Wakale pa Tauni
Chenjerani ndi kulipiriridwa. Ine anandilipirira maphunziro koma anandisainitsa pepala loti ndisachoke pa kampanipo mpaka nthawi yakutiyakuti, ndikachoka ndibweze zonse. Ntchito yabwino inatuluka ku Lilongwe, ndinangoiyang'ana ikupita. Muwerenge musanasaine.

Debit ndi Credit
Onaninso kalendala. PAYE, msonkho wodula pa malipiro a antchito, imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi uliwonse, VAT pa 25. Chimene bwana wa kampani yaing'ono amaopa ndi choti wa maakaunti ali m'modzi, akachoka zonse ziima. Lembani mu kalatamo kuti mudzakhala mutatumiza kale pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti ija, mutchule amene adzagwire ndalama za tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti foni idzakhala yotsegula. Nambala yanu ya umembala muiikepo pamwamba.

Membala wobisa dzina
Nambala ya umembala ndiye iti? Ine mayeso a dipuloma ndikadalemba, pepala la misonkho ndi limene likundivuta. Ndimati mwina kumeneko ndikadziwana ndi anthu a makampani akuluakulu, chifukwa kuno ndatopa. Dzulo lomweli anandikalipira pamaso pa makasitomala chifukwa cha lisiti imene anataya ndi dalaivala.

Debit ndi Credit
Dikirani kaye. Ndiye kuti ndinu wophunzira, simunakhale membala? Zonse za CPD ndalemba pamwambazi sizikukukhudzani, musaziike mu kalata, abwana akafunsa odita wawo muchita manyazi. Ine ndikanakhala inu ndikanapempha fizi ya mayeso ndi masiku owerengera. Pepala la misonkho ndi limene kampani ikulifuna mawa lomwe.

Anti a HR
Ndipo zoti mukukasaka ntchito kumeneko, mwalemba pa gulu limene mwati a ku ofesi kwanu alipo. Mpando womanga ndi mphira ulipo umodzi pa Kasungu.

Mjomba wa Kabaza
Kkkkk mnyamata wa nsapato zatsopano uja wajambula kale.

Mlimi wa pa Chinkhoma
Mwamva? Ndinanena ine! Abwana alipire kuti mayi akapeze bwana wina. A Debit, bwerani muyankhe, mwathawira kuti?

Debit ndi Credit
Sindinathawe. Wophunzira m'modzi kusokoneza sikutanthauza kuti msonkhano ndi wachabe. Inu mukadwala mumafuna dokotala amene anasiya kuwerenga tsiku lomaliza sukulu?

Comrade wa Antchito
Kukalipira wantchito pamaso pa makasitomala nakonso ndi nkhani ya ku Labour.

Nabanda wa ku Santhe
Ine ndikukaphika. Wina akamva mtengo wa msonkhanowo andiuze.

Mlimi wa pa Chinkhoma
Za dokotala ndiyankha madzulo, foni yatsala pang'ono kuzima. Koma mayi, poti muli kwa ogulitsa fetereza, thumba la urea likuyenda bwanji panopa? Pa ngongole mumapereka? Adimini ndilumikizeni nawo.