Hilux ya agogo ikuvuta m'mawa, chiliza chayandikira

LACHIWIRI

Amalume: Mwadzuka bwanji nonse. Kuno ku Bembeke tadzuka, koma chisanu chake si masewera. Nkhani ndi ya galimoto. Simenti yomalizira chiliza cha agogo anu iyenera kufika kuno Loweruka likubwerali, koma Hilux ija ikuvuta m'mawa. Kulira ikulira, koma ikangolira imanjenjemera, moto n'kumakwera n'kumatsika, kenako n'kuzima. Ukachotsa phazi pa moto basi yazima. Ikatentha imayenda bwinobwino.

Amayi: Tadzuka achimwene. Ine mtima wanga uli pa 19 paja, tsiku lovundukula chiliza. Galimoto yomweyo ndi imene tinagwirizana kuti idzatenge anthu a ku Lilongwe akadzatsika basi pa Dedza boma.

Alamu: Mwadzuka bwanji amalume. Galimoto imeneyo yakalamba. Bwanji tingosonkha tigule kabuleta yatsopano ku Lilongwe, nkhani ithe?

Achemwali ku Blantyre: Ndalama zomwe ndasunga ndi za simenti, mbuzi ndi chakudya cha alendo. Ya kabuleta mulibe m'menemo. Tikafuna kugula, tisonkhe ina.

Amalume: Makaniko anabwera dzulo masana. Anailiza, anaimvetsera, anati injini ilibe vuto.

Achimwene ku Joni: Moni nonse, ndangofika pa ntchito. Amalume, dzulo makanikoyo asanafike munali mutailiza kale?

Amalume: Eya, ndinapita nayo kuchigayo m'mawa.

Achimwene ku Joni: Ndiye sakanaona kanthu. Vuto limeneli limaoneka injini ikagona usiku wonse pozizira. Ikatentha limabisala. Alamu, pepani, ya kabuleta tiyeni tiyembekeze kaye. Tikhoza kugula n'kupeza kuti mawa lake ikuchitabe chimodzimodzi, chifukwa zinthu zambiri zobweretsa vuto lotere zili kunja kwa kabuleta.

Alamu: Ndamva alamu. Ine ndimangoopa kuti masiku atithera.

Achimwene ku Joni: Ndifotokoze pang'ono kuti tonse tidziwe chomwe tikusaka. Injini imeneyo ndi 4Y ya petulo, ilibe kompyuta yoiwerengera mafuta. Kukazizira petulo sasanduka nthunzi msanga, wina amamatirira m'makoma a manifold, mapaipi otenga mafuta ndi mpweya kuchoka ku kabuleta, asanafike koyaka. Ndiye injini yozizira imafuna mafuta ochuluka, mpweya wochepa. Ntchito imeneyo ndi ya choke, kachitseko kali pamwamba pa kabuleta. Kamatseka m'mawa, n'kumatseguka pang'onopang'ono injini ikamatentha. Pambali pake pali kachitsulo kokweza moto pang'ono nthawi yomweyo kuti isazime. Choke ikapanda kutseka, kapena mpweya ukamalowera pena pake mobera, injini imasowa mafuta, n'chifukwa chake imakwera n'kumatsika.

Mayi aang'ono: Mwana wanga, ife za choke sitizidziwa. Tangotiuza, anthu akhoza kukwera kapena ayi?

Achimwene ku Joni: Mmene ilili panopa ayi, mayi. Mabuleki ake amathandizidwa ndi mphamvu yokoka mpweya ya injini. Injini ikazima potsetsereka, mukaponda kawiri katatu buleki imalimba, imafuna mwendo wamphamvu kuti igwire. Ndi mitsetse ya kwathu ija, kumbuyo kuli matumba a simenti kapena anthu, sindingalole.

Amayi: Ayi ndithu. Tikukavundukula chiliza, tisakaonjezere maliro ena.

Achimwene ku Joni: Amalume, utsi wake m'mawa ukumakhala wotani? Wakuda?

Amalume: Wakuda ayi. Woyera pang'ono, umatha ikatentha.

Achimwene ku Joni: Woyera wotha msangawo ndi nthunzi chabe, usatidetse nkhawa. Ukanakhala wakuda ndi fungo la petulo tikanati choke yakanirira chotseka, mafuta akuchuluka. Apa zikuoneka kuti akuchepa. Nanga mafuta mwathira a kuti masiku ano?

Amalume: Mwezi watha pa filling station panalibe, ndinagula a m'zigubu.

Achimwene ku Joni: Chimenechonso tichione. Petulo wa kwathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino mumalowa madzi ndi zinyalala. Kabowo ka m'kabuleta kodyetsa injini pa idling, ikamalira yokha osaponda moto, n'kakang'ono kwambiri, kachitsotso kamodzi kakwanira kukatseka.

Mzime: Achimwene, ine ndili konkuno kwa amalume mpaka Lamlungu. Ndiuzeni chochita, ndizijambula.

Achimwene ku Joni: Zakhala bwino mphwanga. Mawa pasapezeke woiliza, ngakhale kutembenuza kiyi. Makaniko afike 6 koloko, aipeze ili chigonere. Iwe ukhale ndi foni.

Amalume: 6 koloko munthu wa pa boma? Adzakwera chiyani?

Achemwali ku Blantyre: Akwere kabaza wa njinga yamoto. Ndikutumizirani ya transipoti pa Mpamba madzulo ano, ndilemba m'kabuku.

Alamu: Ngati pangafunike zida zina ndiuzeni msanga. Ine ku Biwi ndi pafupi, ndikhoza kugula n'kupatsira kondakitala wa minibasi ya ku Dedza.

LACHITATU

Mzime: Mwadzuka bwanji. Makaniko wafika. Galasi lonse ndi mame, boneti yozizira. Palibe wailiza.

Achimwene ku Joni: Chabwino. Achotse chivundikiro cha air cleaner. Iwe ulowe, uponde moto kamodzi mpaka pansi n'kusiya, osaliza. Kenako ujambule pamwamba pa kabuleta.

Mzime: [chithunzi]

Mzime: Kachitseko kaima chopendekeka, katseka theka lokha. Makaniko wakakankha ndi chala, akuti n'kolimba. M'mbali mwake muli phala lakuda la oyilo ndi fumbi, lomata zala.

Achimwene ku Joni: Chimodzi ndi chimenecho. Kamayenera kutseka kokha ukangoponda moto. Asakapinde ndi pulayala. Atsuke timipiringidzo take tonse ndi carb cleaner, azikasuntha mpaka kaziyenda kokha. Aonenso kachitsulo kokweza moto kaja ngati kakukwera pamalo pake.

Amalume: Akutsuka. Akuti akufuna akhudzenso sikulu ya mixture, ija yosinthira kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya.

Achimwene ku Joni: Ayi amalume, muuzeni aisiye. Imeneyo amaikonza injini itatentha. Mukaitembenuza panopa kuti ilire bwino pozizira, masana izidzamwa mafuta ambiri, mapulagi n'kuda. Komanso tikasintha zinthu zambiri nthawi imodzi sitidziwa chimene chachiza.

Mzime: Kayamba kutseka kokha tsopano. Tailiza. [vidiyo]

Amayi: Ine ndikumva ngati yalira bwino.

Achimwene ku Joni: Yasintha ndithu, koma tamvetserani chakumapeto kwa vidiyoyo, ikukwerabe n'kutsika. Mphwanga, sendeza khutu pafupi ndi kabuleta, koma usamale fani ndi lamba, malaya asalendewere. Ukumva kulira kwa mpweya ngati tayala likuphwa?

Mzime: Eya, chakumbuyo, kufupi ndi khoma la injini.

Achimwene ku Joni: Makaniko atsatire timapaipi ta labala tonse tochoka pa kabuleta ndi manifold, kamodzikamodzi, azitipinda ndi zala. Aonenso paipi yaikulu yopita ku booster ya mabuleki. Akapanda kupeza, apopere carb cleaner pang'ono pa gasiketi ya pansi pa kabuleta. Kulira kukasintha ndiye kuti mpweya ukulowera pamenepo. Achite panopa injini isanatenthe, apopere pang'ono chabe, ndipo pasakhale wosuta fodya pafupi.

Mzime: Wapeza! Kapaipi kena kang'ambika chakunsi pomwe kamalowa pa chitsulo, pamwamba sikaoneka. Labala wake wauma, akangokapinda kakusweka. Watseka bowolo ndi chala, injini yakhazikika nthawi yomweyo. Wachotsa chala, yayambanso.

Mayi aang'ono: Ambuye alemekezeke. Kanthu kakang'ono chotero?

Amalume: Akuti adule pong'ambikapo abwezeretse kotsalako.

Achimwene ku Joni: Kwa lero zitheka, koma kotsalako n'kouma chimodzimodzi, ndi anzake onse ndi a msinkhu umodzi. Alamu, apa ndiye pofunika inu. Mugule paipi ya vacuum mamita awiri, tisinthe timapaipi tonse. Mphwanga, ajambule kaye mmene tinalumikizidwira asanachotse, ndipo azichotsa kamodzi n'kuika kamodzi, asasokoneze.

Alamu: Ndalemba. China?

Achimwene ku Joni: Fyuluta ya petulo. Mphwanga, aimasule yakaleyo akhuthulire m'botolo loyera tione.

Mzime: [chithunzi] Pansi pa botolo pakhala timadontho tosiyana ndi petulo, ndi tinyenyeswa tofiira.

Achimwene ku Joni: Madzi ndi dzimbiri. Fyuluta yatsopano ndithu, mugule ziwiri, ina izikhala m'galimoto. Makaniko atsukenso mbale ya mafuta ya m'kabuleta ndi kabowo ka idling, aphulize ndi mpweya, asatokose ndi waya. Mapulagi ali bwanji?

Mzime: Watulutsa onse anayi. Ndi otuwa, palibe wonyowa ndi oyilo. Wapukutanso mkati mwa chivundikiro cha distributor, munali chinyezi.

Achimwene ku Joni: Amenewo akhoza kupitiriza. Pobwezera mawaya asasemphanitse, dongosolo lake ndi 1-3-4-2. Funso lomaliza amalume, muvi wa kutentha umafika pakati mukamayenda?

Amalume: Sufika. Umakhala pansi mpaka nditakwera chitunda. Thermostat anaichotsa kalekale agogo anu ali moyo, ankati imatenthetsa injini.

Achimwene ku Joni: Ambiri amachotsa, koma ku Dedza n'kokwera, ndipo Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri. Popanda thermostat madzi amazungulira mu ladiyeta kuyambira pa chiyambi, injini imachedwa kutentha, imadya mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Ikakhalapo imatsekera madzi m'injini mpaka afike cha m'ma 82 digiri, kenako n'kutsegula. Tiibwezere, koma makaniko atsuke kaye ladiyeta, chifukwa ngati inkatenthadi kale, vuto likhoza kukhala m'menemo.

Amalume: Imeneyo ndili nayo mantha mphwanga. Tiibwezere sabata yomwe tikunyamula katundu wolemera, ikakatentha panjira?

Amayi: Amalume anu akunena zoona. Ya thermostat idikire mwambo uthe.

Achimwene ku Joni: Ndavomera. Alamu mugulebe pamodzi ndi gasiketi yake, isungidwe, tidzaike chiliza chikadutsa pamene pali nthawi yoiyesa modekha.

Achemwali ku Blantyre: Ndiye zogula ndi paipi, mafyuluta awiri, thermostat ndi gasiketi, kuphatikiza malipiro a makaniko masiku awiri. Alamu mukafunsa mitengo mundiuze, ndigawe pa nyumba zisanu. Za chiliza sindikhudza.

Achimwene ku Joni: Gawo langa ndi la mzime nditumiza pa Mukuru lero.

Mzime: Zikomo achimwene.

Alamu: Ndipita ku Biwi nthawi ya nkhomaliro. Mphwanga, nditumizire chithunzi cha fyuluta yakaleyo ndi kachidutswa ka paipi utakaika pafupi ndi ndalama yachitsulo, ndione kukula kwake. Katundu akwera minibasi ya mawa m'mawa.

Mayi aang'ono: Nanga zikakanika? Tisadzadzidzimuke Loweruka.

Amalume: Ndalankhula kale ndi mwini lole wa pa msika, akuti timuuze pofika Lachisanu masana ngati tikumufuna.

Achimwene ku Joni: Ndiye zida ziikidwe mawa, mixture ndi idling azikonze itatentha bwino. Igone panja monga mwa masiku onse. Lachisanu 6 koloko mphwanga uilize ukujambula, phazi lisakhale pa moto, uisiye mphindi zisanu. Ikakhazikika, amalume mutsike nayo mpaka pa M1 yopanda katundu, muyese mabuleki potsetsereka. Zikayenda bwino simenti ikwere maulendo awiri, osati umodzi.

Amalume: Maulendo awiri ndi mafuta ambiri.

Achemwali ku Blantyre: Mafutawo ndiwerengera pamodzi ndi zidazo amalume, koma muthire a pa pampu.

Amalume: Chabwino. Mzime, mawa 9 koloko ukhale uli pa siteji pa boma kudikira minibasi ya alamu ako.

Mzime: Ndamva amalume. Alamu, munditumizire nambala ya minibasiyo ikanyamuka.