Boti lija tasankha

Mwezi watha ndinafunsa ngati ine ndi bambo akunyumba, tonse opitirira zaka 65, tigule boti la matanga la mamita 14 kapena locheperapo. Zikomo nonse amene munayankha.

Lalikululo tinakaliyesa. Mkati ndi motakasuka ndithu, koma mphepo itakula pang'ono, kufupikitsa thanga kunatitulutsa thukuta. Nanga akanakhala namondwe? Masitepe otsikira mkati nawo ndi oimirira kwambiri, moti mawondo angawa anadandaula masiku awiri.

Tatenga la mamita 11. Matanga ake umakulunga uli pafupi ndi chiwongolero, nangula amakwezedwa ndi makina amagetsi, zogwirira zili paliponse. Catamaran (boti lokhala ngati mabwato awiri olumikizidwa pamodzi) inatikopa poti sipendekeka kwambiri, koma poimika padoko amalipiritsa zambiri chifukwa ndi yotambalala. Bambowo mpaka lero akuitchulabe.